Chipale chinanditsekera pa Van Reenen ndipo ndinabwerera ku fodya, ndithandizeni maganizo

Wathiraki_N3 analemba:

Moni nonse abale anga. Ndine dalaivala wa thiraki, kwathu ndi ku Kasungu koma ndili kuno ku Joni chaka cha 11 tsopano. Njira yanga ndi N3, Durban kupita Johannesburg, kawiri kapena katatu pa sabata. Nkhani yanga yatalikirapo, mundipirire.

Fodya ndinayamba ndili ndi zaka 17. Bambo ankalima bale, ndiye zotsalira m'chigafa tinkapichira chingambwe papepala la kope. Ndinasuta zaka 22, paketi imodzi patsiku, ndikakhala paulendo wausiku imapitirira. Mu Juni 2024 mwana wanga wamkazi anakana kuti ndimunyamule, akuti adadi mukununkha. Mawa lake ndinagula vape, kachipangizo ka batire kokokera chikonga, yothiramo madzi ija, ndipo miyezi itatu yathunthu sindinayatse ndudu ngakhale imodzi. Chifuwa cham'mawa chinatha. Nsima inayamba kukoma mwina.

Kenako pa 20 Sepitembala 2024, Lachisanu madzulo, ndinadutsa pa Tugela Plaza ndili ndi kontena. Kunali kamvula kozizira, koma ndani angaganize za chipale mu Sepitembala, mitengo itayamba kale kuphuka? Titayamba kukwera phiri la Van Reenen mvula ija inasanduka zoyera ngati ufa woyera ukugwa kumwamba. Mathiraki akutsogolo anayamba kuterera, ina inapingasa, basi mzere wonse unaima. Usiku onse chinagwa. Kutacha chinali chitafika m'mawondo. Ine ndinali ndi jekete imodzi, bulangeti lopyapyala la m'kabini, buledi theka ndi botolo limodzi la madzi. Pafupi nane panali minibasi yodzaza, amayi ndi ana, ena atavala masilipasi. Tinatenga ana atatu ndi amayi awo kuwalowetsa m'kabini mwanga. Tinkamva kuti a Gift of the Givers akugawa chakudya ndi mabulangeti, koma pamene tinali ife panali povuta kufika. Pambuyo pake ndinamva pawailesi kuti mayi wina anamwalira ndi kuzizira kwa usiku umenewo, ndipo nkhani imeneyi siinandichoke mumtima.

Vape ndinaiiwala pa dashibodi. Pakati pausiku ndikuti ndikoke, kagetsi kakungophethira, yafa. Chaja chinali pa foni, ndipo foni ndi imene inali moyo wathu. Madzi akenso anali atatsala pang'ono, atalimba ngati uchi. Chibaba chinandigwira cha mtundu wina, manja kunjenjemera osadziwa kuti ndi chisanu kapena fodya. Cha m'ma 4 koloko m'mawa ndinatsika kukaona dalaivala wa kumbuyo kwanga, m'bale wa ku Zimbabwe. Ananditambasulira paketi. Ndinalandira. Pomwe msewu umatseguka Lamulungu ndinali nditasuta 9.

Chiyambire tsiku limenelo ndimasuta zonse ziwiri, vape masana, ndudu 5 kapena 6 usiku. Mayi a kunyumba akuti vape ndi fodya yemweyo wangovala suti, ndingosiya zonse kamodzi. Meyi uyu wafika, kuzizira kwayamba, ndipo ndikadutsa paphiri lija mtima umagunda.

Mafunso anga ndi awiri. Inu amene munakumanapo ndi chisanu chotere kumalo koti sikugwagwa chipale, mumasunga chiyani, mumatani? Chachiwiri, kodi ndibwerere ku vape yokha, kapena akunena zoona mayi a kunyumba?

MayiWaKuDallas anayankha:

Achimwene, ndawerenga misozi ili m'maso, chifukwa zangondikumbutsa Febuluwale 2021 kuno ku Texas. Choyamba, Mulungu akudalitseni chifukwa cha ana munawalowetsa m'kabini aja.

Kuno ndi kotentha ngati ku Nsanje nthawi ya chilimwe, nyumba anazimanga kuti zizitulutsa kutentha, osati kusunga. Pa 16 Febuluwale ku Dallas kunazizira mpaka madigiri 19 kunsi kwa ziro. Magetsi a Texas ali paokha, sanalumikizane kwenikweni ndi a madera ena a America, ndiye mapaipi a gasi ndi makina opangira magetsi ataundana panalibe kobwereka. Nyumba zopitirira 4 miliyoni zinali mumdima. Boma la Texas linawerenga anthu 246 omwalira. Ife tinakhala masiku atatu opanda magetsi, ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri.

Chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi: ambiri sanaphedwe ndi chisanu chokha, ena anaphedwa ndi njira zimene ankadzifunditsira. Ku Houston mayi ndi mwana anamwalira chifukwa choliza galimoto m'galaja yotseka kuti amve kutentha. Ena analowetsa zowotchera nyama m'nyumba. Ndi zomwe zija timamva kwathu mwezi wa Juni, banja lagona ndi mbaula m'chipinda, m'mawa osadzuka. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, suoneka. Mutu umayamba kuwawa, kenako nseru, kenako tulo, basi. Ndiye mukamaliza injini kuti hita igwire, lizani mphindi 10 pa ola, windo likhale lotsekula pang'ono, ndipo muzitsika kukaona ngati chipale sichinatseke ekizozi. Muwauzenso a magalimoto ang'onoang'ono, iwowo ekizozi ili pansi, imakwiririka msanga.

Ife chinatipulumutsa ndi tenti ya ana yoseweretsa. Tinaikhoma pabalaza, matiresi pansi, tonse anayi kulowamo, zitseko za zipinda zina kutseka, matawulo kutsekera mipata ya kunsi kwa zitseko. Malo akachepa, thupi la munthu ndi mbaula yokwanira. Inuyo m'kabini kokani katani ya pabedi ija, mukhale kumbuyoko.

Za kunyamula, musadalire jekete imodzi yaikulu. Zovala zingapo zovalirana zimasunga kutentha bwino. Chipewa cha ulusi, magolovesi, masokosi awiri apadera m'pepala la pulasitiki kuti asanyowe. Chonyowa chilichonse vulani, makamaka cha thonje, chimakoka kutentha m'thupi. Madzi malita 5, mtedza, chiponde, mabisiketi, tochi, power bank yodzaza. Mowa ayi. Umanamiza ngati watenthetsa pamene ukutulutsa kutentha kunja. Ndipo mukaona munthu amene amanjenjemera wasiya kunjenjemera, akuyankhula zosamveka, akufuna kugona, ameneyo ndiye ali pangozi, osati walimba ayi.

Kwa a m'nyumba amene mukuwerenga: dziwani pamene pali chotsekera madzi a nyumba yonse lero lomwe. Ife paipi inaphulika kudenga ndipo tinataya theka la ola tikufunafuna ndi tochi, madzi akutsika pakhoma. Za fodyazo ndisiyire odziwa.

Namwino_Leeds anayankha:

Achimwene, ine ndine namwino kuno ku England, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuthandiza anthu osiya fodya. Ndiyambe ndi mawu amene ndimauza aliyense wobwera atagwetsa nkhope: miyezi itatu ija sinapite pachabe. Ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo. Inu mwaphunzirapo chinthu chenicheni, kuti njira yanu inali ndi mwendo umodzi, batire.

Alamu anga akunena zoona theka. Chikonga chili monse muwiri, ndipo ndi chimene chimakumangani. Koma chimene chimapha kwambiri mu ndudu ndi utsi wa kupsa, phula lake ndi carbon monoxide yemwe uja akunena achemwali a ku Dallas. Wosuta amayenda ndi mpweya umenewu m'magazi tsiku lililonse, ndipo akasiya umatsika pasanathe masiku awiri. Vape siwotcha fodya, imatenthetsa madzi. N'chifukwa chake a NHS, a zaumoyo a boma kuno, amauza osuta kuti vape ili ndi chiopsezo chochepa kwambiri poyerekeza ndi ndudu, ndipo mu 2023 boma la kuno linalengeza pulogalamu ya Swap to Stop yogawa ma vape kwa osuta 1 miliyoni. Izi sizikutanthauza kuti ndi yabwino m'mapapo. Amene sasuta asaiyambe, ana asaikhudze. A WHO amaikayikira kwambiri, makamaka chifukwa cha achinyamata. Koma kwa munthu wa zaka 22 za fodya, funso si vape kapena mpweya wabwino. Lero lino funso ndi vape kapena ndudu.

Pamene muli panopa ndi pamene sindikufuna mukhalitse. Ndudu 5 patsiku si kotala ya ngozi ya ndudu 20. Mtima ndi mitsempha zimavulala ngakhale ndi zochepa. Phindu limabwera mukasiyiratu ndudu.

Ndikufunseni, madzi anu ndi a mphamvu yanji? Ambiri amagula ofooka poganiza kuti akuchita bwino, chibaba osatha, usiku n'kubwerera ku paketi. Wa paketi yathunthu nthawi zambiri amayambira pa 18 kapena 20mg ya chikonga pa mililita, ndipo 20mg ndiye malire a lamulo kuno, n'kumatsika pakapita miyezi. Gulani m'sitolo yodziwika. Matenda a mapapo amene anavuta ku America mu 2019 anachokera makamaka ku madzi a chamba a mumsewu osakaniza ndi vitamin E acetate.

Za chisanu: batire ya lithium imafooka ikazizira, madzinso amalimba. Vape izikhala m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi, ndipo ikazizira kwambiri iyambe yafunda musanaichaje. Koma chachikulu, mukhale ndi chinthu chosafuna magetsi. Ku famase gulani chingamu cha chikonga, sichifuna kalata ya dokotala. Chilipo cha 2mg ndi cha 4mg, wa famase akuuzani chokuyenerani. Musachitafune ngati chingamu wamba: tafunani mpaka chiyambe kuwawa mkamwa, chiikeni patsaya, kuwawako kukatha mutafunenso. Bokosi limodzi lizikhala m'thumba la zadzidzidzi, losakhudzidwa.

Dziwaninso kuti ndudu ija siinakutenthetseni. Chikonga chimafinya timitsempha ta m'zala, ndiye pa chisanu zala zimazizira msanga. Izi zili choncho ndi vape yomwe, choncho usiku ngati umene uja kokani pongoziziritsa chibaba. Ndipo poti ndinu a paulendo: mukasiya ndudu khofi amakhalitsa m'thupi kuposa kale, chifukwa utsi umachititsa chiwindi kumuchotsa msanga. Muchepetse makapu, apo ayi mudzasowa tulo n'kumati ndi chibaba. Ngati muli pa mankhwala a BP kapena ena alionse, auzeni a kuchipatala kuti mukusiya.

Gogo_Area25 anayankha:

Mwana wanga, ine ndinasiya mu 1998 popanda kachipangizo kalikonse. Ndinkayenda ndi mtedza wokazinga m'thumba, chibaba chikabwera ndimatafuna ndi kupemphera. Sabata yoyamba ndinali wolusa moti ana ankandithawa, koma zinatha.

Sinditsutsa anamwino, iwo anaphunzira. Koma mdzukulu wanga wa Fomu 3, amene sanagwirepo ndudu, tinamupeza ndi kanthu aka konunkhira ngati maswiti a mango. Ndiye ine ndikakaona mtima umandiwawa. Ngati ukagwiritse ntchito, kakhale mlatho, ndipo pamlatho samangapo nyumba. Uike tsiku lodzakasiya nakonso. Ndipo usamakoke pamaso pa mwana uja, madzi akewo uziika patali, ana amayesa juwisi.

Mkazi wako usamutsutse pagulu pano. Mukhale pansi, umuwerengere zimene alemba anamwinowa.

Wathiraki_N3 anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mungandipatse nthawi yanu chonchi.

Anamwino, mwandigwira penipeni. Ndayang'ana botolo, ndi 6mg. Nditabwerako kuchipale kuja ndinagula ofooka dala, ndimati ndikudzilanga kuti ndisiye msanga. Ndiye n'chifukwa chake ikamakwana 10 koloko usiku, ndikudutsa Harrismith kapena Warden, thupi limachita kulira. Lero ndapita kukagula a 18mg, ndi odulirapo kuposa kale chifukwa kuyambira 2023 boma la kuno limadula msonkho pa mililita iliyonse, komabe sakufika pa ndalama imene ndinkawotcha pa mapaketi. Chingamu ndagulanso, wa famase wandipatsa cha 4mg atamva kuti ndinkamaliza paketi. Za khofi sindinkadziwa n'komwe, ndimamwa makapu 5 pa ulendo umodzi.

Agogo, ndamva. Usiku wathawu tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, ndinawawerengera zonse. Sanasangalale kwenikweni, koma avomera pa mfundo ziwiri: m'nyumba musalowe vape, ndipo pofika Khirisimasi ndikhale nditatsika mphamvu ya madzi. Tsikulo alemba okha pa kalendala ya kukhitchini. Ndudu 11 zimene zinatsala m'paketi anaziviika m'madzi ine ndikuona.

Achemwali a ku Dallas, chikwama ndalongedza. Mabulangeti awiri okhuthala, osati limodzi, chifukwa ndikudziwa kuti zikadzachitikanso padzakhala minibasi ina pafupi nane. Zipewa zinayi, ziwiri za ana. Masokosi m'pulasitiki monga mwanenera, chiponde, mabisiketi, chigubu cha madzi, tochi, power bank ziwiri, ina ya foni ina ya vape. Ndayambanso kuona machenjezo a South African Weather Service ndi mauthenga a N3 ndisananyamuke, ndipo ndauza abwana kuti akadzalengeza chipale pa Van Reenen ine ndidzaima ku Ladysmith mpaka kutayera.

Mawa 3 koloko m'mawa ndikunyamuka kupita ku Durban kukatenga kontena. Lidzakhala tsiku loyamba lopanda ndudu. M'bale wa ku Zimbabwe uja timakumanabe pamalo opumira, ndamutumizira uthenga kuti akandiona asanditambasulirenso paketi, ndipo wayankha kuti nayenso akufuna aone chingamucho.