Gulu la banja: kukonzekeretsa Tiya ndi Yami asanapite ku koleji

Malume Aakulu: Madzulo abwino nonse. Nkhani ndi ya ana athu awiri, Tiyamike ndi Yamikani. Atsala pang'ono kumaliza sekondale, ndipo Mulungu akalola posachedwapa akhala ali ku koleji. Maganizo anga ndi akuti Loweruka la sabata yamawa tikumane tonse, tiwakhazike pansi, aliyense awalangize. Mukuti bwanji?

Amayi a Tiya: Mwachita bwino achimwene. Ine mtima uli m'mwamba kale. Mwana ameneyu mpaka lero ndimachita kumugogodera kuti adzuke. Kumeneko azikamudzutsa ndani?

Abambo a Yami: Achemwali, bola wanuyo amadzuka mukagogoda 😂

Chisomo: Malume, ndingaikepo mlomo monga munthu woti ndili chaka chachitatu?

Malume Aakulu: Lankhula mphwanga.

Chisomo: Kukumanako ndi kwabwino. Koma zikakhala zoti akuluakulu nonse mmodzimmodzi muziti "ukalimbikire, ukapewe anzako oipa", ana azingogwedeza mitu basi. Zimenezo akuzidziwa kale. Chimene sakudziwa ndi choti kumeneko palibe amene amakulondola. Ukajomba, palibe wobwera kudzakufunsa. Lekichala amalowa muholo modzaza anthu, dzina lako salidziwa, amatchula kamodzi kokha tsiku lopereka asainimenti uku akutolera mapepala ake, n'kutuluka. Amene anali pa foni nthawi imeneyo adzamva tsikulo litadutsa.

Amayi a Tiya: Mayo ine.

Chisomo: Ndiye sabata yoyamba kosi iliyonse amapereka course outline. Ambiri amangoipinda n'kuiponya m'chikwama, chonsecho zonse zili mmenemo: mitu ya semesita yonse, mabuku, masiku a mayeso ang'onoang'ono, ndi kagawidwe ka malikisi. Ena amagawa 40 a ntchito za mkati mwa semesita ndi 60 a mayeso omaliza, ena 50 ndi 50. Munthu wozolowera zowerenga usiku wonse mayeso atayandikira amadzazindikira kuti theka la malikisi linapita kalekale.

Amayi a Chisomo: Apo ndiye mwana wanga wanena zoona. Ndiwonjezere monga mphunzitsi. Ku sekondale taimutebulo timawadzazira ife, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Ku koleji mwana amaona kuti Lachiwiri ali ndi kalasi imodzi yokha, n'kumati ndiye kupuma kumeneku. Si kupuma ayi. Makoleji ambiri amawerengera kuti pa ola limodzi la m'kalasi pazikhala maola 2 owerenga pawekha. Ngati makalasi ndi maola 15 pa sabata, kuwerenga ndi maola 30, zonse pamodzi 45. Imeneyo ndi ntchito yathunthu, kungoti bwana wake ndi iwe mwini.

Abambo a Yami: N'chifukwa chake ine ndaganiza kale. Yami akangolembetsa, andipatse pasiwedi ya portal yake, akaunti yake ya pa intaneti ya ku koleji ija. Ndizilowa ndekha n'kumaona malikisi. Sindikufuna zodzamva kumapeto kwa chaka kuti mwana anawidedwa, anamuchotsa sukulu chifukwa cholephera mayeso.

Amayi a Tiya: Eya, nanenso ndichita chimodzimodzi. Komanso ndizimuimbira m'mawa uliwonse.

Mphatso: Abambo aang'ono, pepani, koma zimenezo sizikuthandizani. Pa portal malikisi nthawi zambiri amaoneka mochedwa, zinthu zitaonongeka kale. Komanso pamakhala zina, monga kulembetsa makosi. Mukadina polakwika mutha kumusokonezera. Ndipo makoleji amaletsa kugawana pasiwedi.

Abambo a Yami: Fizi ndikulipira ndine, mwana wanga.

Amayi a Chisomo: Palibe akukana zimenezo achimwene. Koma mwana akadziwa kuti bambo akusuzumira tsiku ndi tsiku, chimene amaphunzira ndi kubisa. Akalakwa mayeso oyamba, mmalo mofuna thandizo amayamba kuganiza zoti akunamizeni bwanji. Ine ndikufuna Yami woti akapeza 35 pa mayeso oyamba atole foni tsiku lomwelo n'kunena yekha, nthawi yokonza ikadalipo.

Abambo a Yami: Nanga akapanda kunena?

Malume Aakulu: Imeneyo tiiike pambali kaye, tidzaimaliza Loweruka maso ndi maso. Koma tikukambirana za anthu amene palibe pano. Mphatso, alowetse ana aja m'gulu muno.

Mphatso: Ndawalowetsa, bambo.

Tiya: Madzulo abwino agogo, amalume, amayi nonse 🙏

Yami: Madzulo abwino. Ndawerenga zimene Mphatso wanditumizira. Adadi, za pasiwedi zija ayi ndithu 😅

Abambo a Yami: Iwe khala chete, malume ako... aa, abambo ako aakulu anena kuti Loweruka.

Malume Aakulu: Ana inu, tiuzeni. Chimene chikukuopsani kwambiri n'chiyani? Musachite manyazi.

Tiya: Ine za maphunziro sindikuda nazo nkhawa kwambiri. Chikundiopsa ndi kugona chipinda chimodzi ndi munthu woti sindikumudziwa. Komanso anzanga onse akufuna makoleji ena, ndiye ndikakhala ndekhandekha.

Chisomo: Za chipinda, mukakambirane sabata yoyamba yomweyo musanayambane: magetsi azizima nthawi yanji, alendo azifika mpaka nthawi yanji, chobwerekana ndi chiti, chosabwerekana ndi chiti. Zimachititsa manyazi kuyambitsa, koma zimavuta kwambiri kudzazinena mwezi wachitatu mnzako atazolowera kale kutenga chaja yako osapempha. Ndipo si lamulo kuti akhale mnzako wapamtima. Bola muzilemekezana. Zikakanika pali oyang'anira hositelo.

Chisomo: Za kusungulumwa, Tiya, onse a chaka choyamba amakhala ali choncho, ngakhale aja amaoneka ngati akudziwa aliyense. Usakajombe sabata ya orientation, yolandirira ophunzira atsopano. Ndi nthawi yokhayo imene ungapereke moni kwa munthu aliyense popanda wokudabwa. Ukalowenso kagulu kamodzi, kaya kwaya, kaya masewero, kaya kalabu ya kosi yanu. Kamodzi kapena tiwiri, osati tonse.

Amayi a Tiya: Akasowa kunyumba azingobwera Lachisanu lililonse, vuto palibe.

Chisomo: Amayi aang'ono, ayi chonde. Maubwenzi ambiri amayambika Loweruka ndi Lamlungu. Akamathawira kunyumba, anzake akhala atapanga kale magulu, iye azidzangofika ngati mlendo. Mwezi woyamba apirire.

Amayi a Tiya: Mwana iwe ukufuna kundipha 😭

Amayi a Chisomo: Mupirira achemwali, nanenso ndinapirira. Muzimuimbira Lamlungu madzulo, masiku enawo aziimba yekha akafuna. Koma Tiya umve: kusowa kwanu kwa masabata oyamba kumatha kokha. Ukadzaona kuti masabata akudutsa sukugona, sukufuna kudzuka, kalasi wasiya kupita, chimenecho si chongopirira. Makoleji ambiri ali ndi ofesi ya uphungu wa ophunzira. Ukaifufuze pamene ili usanaifune.

Yami: Ine funso langa ndi la kawerengedwe. Amati mabuku ake ndi aakulu kwambiri. Munthu amamaliza bwanji?

Amayi a Chisomo: Sumaliza, ndipo sukuyenera kuloweza buku lonse. Funso ndi loti zimene wawerenga zikhale m'mutu. Mu 1885 katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira atangophunzira chinthu, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Ndiye notsi za lero uzione lero lomwe madzulo, uzionenso pakapita masiku angapo, osadikira sabata ya mayeso.

Amayi a Chisomo: China chimene ndimauza ana anga a sukulu chaka ndi chaka koma samva. Mu 2006 akatswiri awiri, Roediger ndi Karpicke, anayesa ophunzira a ku yunivesite. Ena anangowerenga ndime mobwerezabwereza, ena anawerenga kenako n'kulemba zimene akukumbukira osayang'ana. Atawayesa patangopita mphindi 5, obwerezabwereza aja ndiwo anachita bwino. Koma patapita sabata imodzi, odziyesa okha aja anawaposa. Kuwerenga kobwereza kumakunamiza kuti wadziwa chifukwa tsambalo walizolowera. Tseka buku, tenga pepala loyera, lemba. Pamene wakakamira ndi pamene sukudziwa.

Yami: Azakhali, imeneyi ndiyamba pa mayeso akubwerawa.

Mphatso: Ukamalephera kukhazikika, yesa njira ya Pomodoro: mphindi 25 kuwerenga foni ili kutali, mphindi 5 kupuma, n'kubwerezanso. Ndipo uzigona. Msinkhu wanuwu umafunika maola 7 mpaka 9. Kuchezera usiku wonse mawa kuli mayeso kumangokupusitsa.

Malume Aakulu: Ine changa n'chimodzi. Safunsa anadya phula. Lekichala asakuopseni, ndi munthu.

Chisomo: Zoona malume, ndipo ambiri amakhala ndi maola oikika oti wophunzira apite ku ofesi kukafunsa. Amalembedwa pa course outline pomwe paja kapena pa chitseko. Nthawi zambiri umapeza palibe mzere, mpaka sabata yoti mayeso ayandikira. Kungoti usapite n'kukanena kuti "sindikumva chilichonse". Pita ndi tsamba, uloze kuti apa ndi pamene ndasochera.

Mphatso: Ndiwonjezere za asainimenti, chifukwa apa pamagwa ngakhale anzeru. Kukopera za pa intaneti kapena za mnzako osatchula mwini wake ndi mlandu waukulu. Makoleji ambiri amadutsitsa ntchito mu Turnitin, imene imafananitsa zolemba zako ndi za pa intaneti komanso za ophunzira ena. Wokopera ndi wokoperetsa onse atha kulangidwa. Za ChatGPT nazo, kosi iliyonse ili ndi malamulo ake, ufunse kaye. Ndipo ntchito uzisunga pawiri, pa laputopu ndi pa Google Drive. Zoti "kompyuta yafa" lekichala anazimva kambirimbiri.

Amayi a Tiya: Mwatchula laputopu. Tiya alibe.

Abambo a Yami: Yami nayenso.

Mphatso: Yanga yakale ikugwira bwinobwino, yangofunika batire. Imodzi ndiye yapezeka.

Malume Aakulu: Inayo tisonkherana. Aliyense anditumizire kumbali zimene angakwanitse, osalemba muno, tisachititsane manyazi. Amene atenge yatsopano ndi amene kosi yake ikufuna makina amphamvu, osati amene walira kwambiri.

Tiya: Yami wamva? 😂

Amayi a Chisomo: Za ndalama ya m'thumba, ndikupempha makolo: muzitumiza mwezi ndi mwezi, tsiku lodziwika. Mukapereka ya semesita yonse kamodzi, mwana woti sanasungepo ndalama imatha osadziwa kuti yapita kuti.

Abambo a Yami: Imeneyo ndagwirizana nayo msanga.

Malume Aakulu: Chabwino. Loweruka tichite motere. Chisomo ubwere ndi course outline yako yeniyeni ndi taimutebulo, ana aone ndi maso. Mphatso uwaonetse za kompyuta. Achemwali aphunzitsi, za kawerengedwe. Komanso mwana aliyense asankhe munthu mmodzi, osati kholo lake, woti azimuimbira zikavuta, ndipo akalemba mayeso oyamba amuuze zotsatira zikangotuluka.

Tiya: Ine Chisomo.

Yami: Ine Mphatso.

Abambo a Yami: Ndiye Mphatso azindiuza ine?

Mphatso: Ndizimukakamiza kuti akuuzeni yekha, abambo aang'ono. Akakana pa nkhani yaikulu, ndizimuuza kuti ndikukuimbirani.

Abambo a Yami: Hmm. Tidzaona Loweruka. Za pasiwedi sindinazisiye.

Amayi a Tiya: Agogo ali pano ndawawerengera zonse. Akuti nawonso apatsidwe mpata wolankhula, ndipo asawerengeredwe mphindi.

Malume Aakulu: Amayi ndiwo adzatsegulire. Tiyambe 2 koloko, kunyumba kwanga. Amene sakwanitsa anene pofika Lachinayi kuti Mphatso akonze zoti alowe pa vidiyo.

Amayi a Chisomo: Ine ndichedwa pang'ono, ndili ndi makalasi a m'mawa. Gawo langa muliike kumapeto.