Shata ya Copal 0 ikukana kukhazikika pa thabwa la lenzi, ndithandizeni

WaKuMtunthama:
Moni nonse. Malume anga atamwalira chaka chatha anandisiyira kamera yamatabwa ya filimu ya mainchesi 4x5, ija wojambula amafunda nsalu yakuda kumutu. Ankajambulira maukwati ndi anthu a m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu, ndipo ndikufunitsitsa kuti ijambulenso. Lenzi yake inasowa kalekale, koma alamu anga a ku Johannesburg andipezera lenzi ya Nikkor-W 150mm yokhala mu shata (kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya kuwala pojambula) ya mtundu wa Copal 0.

Thabwa lomangapo lenzi ndinapangitsa kwa kalipentala pa boma. Ndi la mlombwa, lochindikala mamilimita 9, lokongola ndithu. Bowo tinayezera pa mazinga a shata. Ndikalowetsa shata, ikukhala mopendekeka ngati pansi pake pali kamwala. Mphete yomangira kumbuyo nayo sikugwira mazinga ngakhale pang'ono. Dzulo ndinafuna kungomata ndi guluu, koma mtima unakana. Ndalakwitsa pati?

MkuluWaKuKamwendo:
Mwachita bwino kusiya guluuyo, achimwene. Shata imafuna kumasulidwa tsiku lina kuti aitsuke, makamaka ndi fumbi lathuli la mu Okutobala.

Kupendekekako, tembenuzani shata muone kumbuyo kwake. Mupeza kasikuluwu kakang'ono kotulukira kunja. Ntchito yake ndi kuletsa shata kuzungulira pa thabwa, ndipo kamafuna kampata kake m'mphepete mwa bowo. Mutha kupala kampatako ndi tupa, kapena kungokamasula. Ine ndimamasula n'kukasunga m'kabotolo, mphete ikamangika bwino shata siyenda.

Koma vuto lalikulu ndi thabwalo. Mazinga a Copal 0 ndi aafupi, anawapangira mabolodi achitsulo opyapyala, a mamilimita 2 kapena 3. Pa thabwa la mamilimita 9 mazingawo akuthera m'kati mwa bowo, mphete igwira chiyani? Bwererani kwa kalipentala wanu akakumbe kumbuyo kwa thabwa mozungulira bowo, patsale mamilimita ngati 3, ndipo pokumbapo pakule moti mphete ndi chomangira chake zilowe momasuka. Kutsogolo asakhudzeko, pakhale pathyathyathya. Shata ikapendekeka pang'ono pokha, mbali imodzi ya chithunzi imatuluka yosaoneka bwino, inu n'kumanamizira lenzi.

Za bowo, simuyezera pa mazinga ayi. Mazinga a Copal 0 ndi mamilimita 32.5, koma bowo limakhala 34.6, chifukwa mphete ili ndi kamlomo kamene kamalowa m'bowomo n'kuikhazika shata pakatikati. Pa shata zokulirapo, Copal 1 imafuna 41.6, Copal 3 imafuna 65. Kamlomoko kaziyang'ana ku thabwa, osati kwa inu.

MayiWojambulaPaBoma:
Ndiwonjezereko pa zimene anena akuluwa. Musanachite chilichonse, masulani galasi la lenzi la kumbuyo kwa shata ndi dzanja, mulikhazike pa nsalu yoyera. Malenzi ena amakhala ndi timphete tachitsulo topyapyala ngati pepala pakati pa galasi ndi shata. Mukatipeza musatitaye, tibwerere pomwe tinali, ndi timene timasunga mtunda woyenera wa magalasi awiriwo. Galasi likachoka, masamba a shata ali pamtetete. Chala chisafikepo.

Pomanga mphete musagogode ndi sikuludiraiva. Ine inanditerereka tsiku lina n'kukala m'kati mwa shata, mpaka lero ndikakumbuka mtima umandipweteka. Ngati mulibe sipanala ya malenzi ya mano awiri ija, pitani kwa owotcherera akudulireni kachitsulo kathyathyathya kokhala ndi mano awiri olowa ndendende m'timipata ta mphete. Mangani mpaka shata ileke kuzungulira, basi. Mukapyola pamenepo muwononga mazinga.

WaKuMtunthama:
Zikomo kwambiri akuluakulu, ndi inu mayi. Ndachedwa kuyankha chifukwa kalipentala anali ku maliro ku Santhe.

Kasikuluwu kaja kanalipodi, ndinadabwa kuti masiku onsewa sindinkakaona. Bowo tinakulitsa ndi sandipepa wokulunga pa kamtengo, pang'onopang'ono, tikuyesa ndi mphete yomweyo mpaka kamlomo kanalowa kosagwedera. Titakumba kumbuyo, mphete inagwira mosavuta. Timphete topyapyala sindinatipeze pa yangayi. Shata ndinaitembenuza kuti manambala a liwiro ndi chokokera chake zikhale pomwe dzanja likufika bwino, kenako ndinamanga.

Usiku magetsi atazima ndinaganiza zoyesa. Ndinatseka shata, ndinachotsa galasi loonera la kumbuyo kwa kamera, n'kuyatsa tochi m'kati. Pozungulira shata panali bii, koma pa ngodya imodzi ya thabwa pankatuluka kuwala kochepa ngati ulusi. Mawa ndimatapo kansalu kakuda m'mphepetemo.

MkuluWaKuKamwendo:
Kansaluko nkabwino. Pakaninso utoto wakuda wosanyezimira kumbuyo konse kwa thabwa, ndi pokumba paja pomwe, poti mlombwa wopalidwa kumene umabweza kuwala m'kati mwa kamera. Muusiye uume masiku awiri lenzi ili kutali, kenako muyesenso ndi tochi musanaike filimu.