Asilikali a m'thupi aukira mitsempha ya achimwene anga, ndithandizeni nzeru

Abale anga, ndikulemba kuchokera ku Luchenza. Achimwene anga, omwe amathyola tiyi ku esiteti ina kuno ku Thyolo, anatsegula m'mimba mwezi wathawu n'kuchira. Patangopita masabata awiri, mapazi anayamba kuchita dzanzi, kenako kufooka kunakwera mpaka m'ntchafu ndi m'manja. Pano ngakhale kapu ya madzi akulephera kuigwira.

Ku Blantyre adokotala anati ndi matenda a Guillain-Barré. Anafotokoza kuti asilikali a m'thupi, atamaliza kulimbana ndi tizilombo ta m'mimba tija, anasokonezeka n'kuyamba kuwononga chikuto cha mitsempha yotumiza mauthenga, ngati nthambo ya magetsi yosupuka. Anatichenjezanso kuti kufookako kukafika pachifuwa munthu amavutika kupuma. Izi n'zimene zikundisowetsa tulo. Kumudzi ena akuti ndi ufiti, koma ine ndikukhulupirira za kuchipatala.

Alipo amene anasamalirapo wodwala wotere? Zinatenga miyezi ingati kuti ayambenso kuyenda? Nanga mafizo tingapangire kuno konkuno, kapena mpaka ku Kachere, chipatala cha mafizo cha ku Blantyre? Komanso mumawatembenuza kangati pa tsiku kuti asatuluke zilonda kumsana? Alamu atopa okha.