Paipi ya dryer ndiitulutsire kuti poti eni nyumba akukana kuboola khoma?

Membala wosatchula dzina:
Abale anga, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku UK. Ndimakhala ku Leeds m'fulati yapansi, ine ndi ana awiri. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndiye yunifolomu ndimachapa pafupifupi tsiku lililonse, kuonjezera za kusukulu za anawa. Chilowereni Okutobala dzuwa silikuoneka, chovala ukachiyanika m'nyumba chimatha masiku awiri chikadali chonyowa, fungo lokhalokha.

Mnzanga wa kutchalitchi posamuka anandisiyira dryer, makina oumitsira zovala, ija yokhala ndi chipaipi choyera kumbuyo. Ndinaiika m'khitchini. Vuto n'loti khoma lilibe bowo lotulutsira paipiyo, ndipo eni nyumba ndawapempha kawiri, akuti khoma lawo lisakhudzidwe. Kwa masabata atatu paipi ndakhala ndikungoigoneka pansi kuseri kwa chitseko. Makina akamayenda mawindo onse amachita thukuta, madzi kuyenderera mpaka pansi, ndipo pakona m'chipinda cha ana payamba madontho akuda. Wamng'onoyo ali ndi mphumu, usiku akutsokomola kuposa kale. Mtima wanga suli m'malo.

Pa intaneti ndaona kabokosi kapulasitiki kothiramo madzi, akuti umangolumikiza paipi m'menemo basi. Kamathandiza? Kapena ndilowetse paipiyo m'chumuni yakale ili pabalaza?

Mayi wa ku Luton:
Achemwali, kabokosi ako ndinakagulapo, musataye ndalama. Kamagwira tiubweya pang'ono, koma nthunzi imatulukabe n'kudzaza nyumba. Ndinkaikamo mpaka madzi oundana monga amanenera, pakatha mphindi zochepa asungunuka, mawindo ayambanso kulira. Madzi amene amachoka m'zovala pa ulendo umodzi amakwana malita awiri kapena kuposa. Akapanda kutuluka panja, amwedwa ndi khoma lanu ndi matiresi a ana.

Bambo wokonza zamagetsi, Manchester:
Amayi, za chumunizo ziiwaleni lero lomwe. Paipi ya dryer siilowa m'chumuni, siilowa kudenga, ndiponso siilumikizidwa ku paipi yotulutsa utsi wa boiler, makina agasi otenthetsera madzi ndi nyumba. Mpweya umene umatuluka mmenemo ndi wotentha, wonyowa, ndipo umanyamula ubweya wa zovala. Ubweya umenewo ukaunjikana n'kuuma umayaka msanga ngati udzu wa mu Okutobala kwathu.

Dryer yanuyo njira yake ndi imodzi, mpweya upite panja. Ngati khoma akukaniza, tulutsirani pawindo. Paipi yake imakhala ya mamilimita 100, ndipo amagulitsa kachitsulo kapena kathabwa koika pawindo kokhala ndi bowo la muyeso womwewo, kuti nthunzi isabwererenso mkati. Paipi ikhale yaifupi, isapindikepindike, isaphwanyike kuseri kwa makina, komanso isagwe pakati ngati uta, chifukwa pamenepo m'pamene madzi ndi ubweya zimadikha. Kutalika kwake onani m'buku la makinawo, ambiri salola kupitirira mamita awiri ndi pang'ono. Musalumikize mapaipi awiri kuti ifike patali.

China chimene ndimachipeza m'nyumba zambiri za anthu athu: dryer pa ekisitenshoni limodzi ndi ketulo. Ekisitenshoni imanyamula ma amp 13 basi, pomwe dryer yokha imadya pafupifupi mawati 2,500, kutsala pang'ono kumaliza mphamvu yonseyo. Ilowe pa soketi ya pakhoma yokhayokha. Sefa ya pachitseko chotsani ubweya mukangomaliza kuumitsa, ulendo uliwonse.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo achimwene, ekisitenshoni ndachotsa pompano, inalidi pamodzi ndi ketulo. Koma windo la m'khitchini ndi limodzi, ndipo kunja kwake, pambali penipeni, m'pamene pali paipi yotulutsa utsi wa boiler. Ndikalitsekula kwa maola awiri palibe choopsa?

Bambo wokonza zamagetsi, Manchester:
Apo ndiye imani kaye, amayi. Dryer imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuuponya panja, ndiye wina umayenera kulowa m'malo mwake, ndipo ulowera pawindo lomwelo. Ngati utsi wa boiler uli pafupi ukhoza kukokedwa n'kulowa m'khitchini. Boiler ikakhala kuti sikuyaka bwino utsiwo umakhala ndi carbon monoxide, mpweya wakupha womwe sununkha, suoneka. Gasi si mbali yanga, afunseni a Gas Safe, akatswiri a gasi ovomerezeka. Eni nyumba lamulo limawakakamiza kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse n'kukupatsani chikalata chake, komanso kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda momwe muli boiler. Muli nayo?

Agogo a ku Nottingham:
Mwanangu, ine makinawo ndilibe nawo mawu, nkhawa yanga ili pa madontho akudawo. Ku Rochdale mu Disembala 2020 kunamwalira mwana wa zaka ziwiri, ndipo bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti chinamupha ndi chuku cha m'nyumba yomwe ankakhala. Chuku si dothi wamba ayi. Jambula zithunzi, lembera eni nyumba uthenga wosungika osati kungoimba foni, ndipo akapanda kuchitapo kanthu pita ku khonsolo, kuli ofesi yoona za nyumba za lendi. Mwanayo kamuonetse kwa GP, dokotala wa banja lako, sabata ino. Dryer usaiyatsenso paipi ili pansi.

Mnyamata wa ku London:
Poti ndi yopatsidwa, onaninso nambala yake ya model, imakhala mkati mwa chitseko kapena kumbuyo. Mu 2019 kampani ya Whirlpool inaitanitsa ma dryer ena a Hotpoint, Indesit, Creda, Swan ndi Proline opangidwa pakati pa 2004 ndi 2015, chifukwa ubweya unkafika pa chotenthetsera n'kuyaka. Moto wa mu Ogasiti 2016 pa nyumba yosanja ya nsanjika 18 ku Shepherd's Bush kuno ku London unayambira pa dryer yotere. Ena akadali m'manja mwa anthu, akungopatsirana osadziwa. Ndipo musamaisiye ikuyenda mukamapita ku shifiti kapena pogona.

Mayi wa ku Luton:
Ine mapeto ake ndinagula ya condenser. Ilibe paipi, madzi amagwera m'kathanki, umangokasolola n'kukhuthula mu sinki. Imatenthetsabe chipinda, ndiye chitseko ndimasiya chotsekula.

Mlongo wa ku Glasgow:
Condenser imadya magetsi, achemwali, ngati muli pa mita yolipiriratu muimva. Dryer ya heat pump, yomwe imagwiritsanso ntchito kutentha komweko, imadula pogula ndipo imachedwerapo kuumitsa, koma magetsi ndi pafupifupi theka. Ngati ndalama palibe pakadali pano, dehumidifier, makina oyamwa chinyontho, m'chipinda chotseka, zovala pa choyanikira, m'mawa mupeza zauma, ndipo ikuthandizaninso pa chinyontho cha kuchipinda kwa ana.

Membala wosatchula dzina:
Ambuye akudalitseni nonse. Dryer ndaizula pa soketi. Alamu ya carbon monoxide m'khitchini mulibe, ndiye ndaiphatikiza mu uthenga womwe ndalembera eni nyumba pamodzi ndi zithunzi za pakona paja. GP atipatsa Lachinayi. Ana ndawasamutsira kuchipinda kwanga mpaka khomalo liume. Malipiro akatuluka ndiyamba ndi dehumidifier, heat pump ndisungira pang'onopang'ono.

Achemwali a ku Glasgow, dehumidifier yanuyo ndi ya malita angati patsiku, ndipo mayunifolomu awiri ndi majuzi a ana zimauma usiku umodzi?