PSA ya 6.1 kwa bambo wazaka 68: ndi khansa?

Nachisale (Bembeke):
Zotsatira za magazi a malume anga, azaka 68, zalembedwa PSA 6.1 ng/mL. Amadzuka kanayi usiku kukakodza ndipo mkodzo umatuluka mofooka. Kodi nambalayi ikutanthauza khansa ya prostate?

A Jere (Linthipe):
Ayi Nachisale, payokha siikutanthauza zimenezo. PSA ndi puloteni yoyezedwa m'magazi imene imapangidwa ndi prostate (chiwalo cha abambo chokhala pansi pa chikhodzodzo), yodwala ndi yabwinobwino yomwe, ndipo imakwera munthu akamakula. Malo ambiri amaika malire pa 4, koma ena amatsata zaka: 3.5 kwa azaka za m'ma 50, 4.5 kwa a m'ma 60, 6.5 kwa a m'ma 70. Ya malumewo yapitirira, koma osati kwambiri. Mwa abambo amene PSA yawo ili pakati pa 4 ndi 10, pafupifupi mmodzi mwa anayi ndiye amapezeka ndi khansa. Ambiri mwa otsalawo imangokhala prostate yokula ndi ukalamba, imene imafinya njira ya mkodzo n'kubweretsa zomwe mwafotokozazo. Ikadutsa 10 nkhawa imakula.

Mayi Nangondo (Lobi):
Funsani kaye kuti magaziwo anatengedwa ali bwanji. Matenda a m'njira ya mkodzo, kutupa kwa prostate ndi kuikidwa kachubu kokodzera zimakweza nambalayi kwambiri. Ayezetse mkodzo, akapezeka ndi matenda amalize mankhwala, adikire masabata 6, ayezetsenso PSA. Kwa masiku awiri asanayezetse asakhale malo amodzi ndi akunyumba, ndiponso asapalase njinga mtunda wautali. Ichi ambiri sauzidwa, chonsecho kuchipatalako amapita pa njinga yomweyo.

Onaninso m'buku lawo la kuchipatala. Ngati akhala akumwa finasteride (mankhwala ochepetsa kukula kwa prostate) kwa miyezi yoposa 6, mankhwalawa amatsitsa PSA ndi theka, ndiye kuti 6.1 iwerengedwe ngati 12. Adokotala auzidwe zimenezi.

A Jere (Linthipe):
Mwakumbutsa bwino mayi. Yachiwiriyo ayezetse kulabu yomweyo, popeza makina amasiyana pang'ono. Ikakhalabe yokwera, adokotala amapima prostate ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi, kumva ngati yalimba kapena ili ndi timibulu. Abambo ambiri amathawa pamenepa, koma sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Chotsimikizira khansa ndi biopsy yokha, kudula kanyama n'kukayeza, ndipo kuno ku Dedza kalata yake imakhala yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Masabata 6 aja si a aliyense. Mkodzo ukatsekeratu, ukamatuluka ndi magazi, msana kapena mafupa a m'chiuno akamawawa osaleka, akamaonda, kaya miyendo ikafooka mwadzidzidzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi mu mkodzo pa msinkhu umenewu musangoti ndi likodzo n'kuwagulira mapiritsi.