Alipo amene akuikumbukira Millionaire ya nthawi ya Chris Tarrant?

Mayi_wa_ku_Leeds analemba:

Moni nonse abale anga, a kumudzi ndi a kuno kunja. Pali nkhani imene yandikhala pamtima kuyambira Lamlungu lapitali, ndiye ndati ndiitule pano, mwina ena muli nayo ngati ine.

Tinali pa nsima madzulo, mwana wanga wamkazi n'kuyatsa TV. Anapeza pulogalamu ya mafunso ija ya Who Wants to Be a Millionaire?, iyi ya masiku ano ya Jeremy Clarkson. Kanyimbo kaja katangolira, magetsi n'kutsika kuloza pampando wapakati paja, mbamu inangondiumira m'manja. Mwana n'kumafunsa kuti amayi mwatani. Ndinalephera kumuyankha, maganizo anali atabwerera ku 2002.

Chaka chimenecho ndi chimene ndinafika kuno. Ntchito yanga yoyamba inali m'nyumba ina yosamalira okalamba kunja kwa Leeds, shifiti yamadzulo. Loweruka tikamaliza kuwapatsa tiyi ndi mankhwala, tinkawakankha pamipando yawo yamatayala kupita nawo kuchipinda chochezera, chifukwa nthawi ya Chris Tarrant ikakwana palibe ankalola kukagona. Panali agogo ena aakazi azaka za m'ma 80, amene kale anali mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Chimene adya masana sankachikumbukira. Dzina langa ndinkawauza tsiku ndi tsiku. Koma funso la mafumu a ku England likangotuluka, ankayankha Tarrant asanamalize n'komwe kuwerenga mayankho anayi aja. Ankandigwira pamkono n'kundikhazika pambali pawo, ndipo dzanjalo sankalisiya mpaka pulogalamu ithe.

Ndi iwowo amene anandiphunzitsa masewerawo. Mafunso 15, kuyambira pa £100 mpaka £1,000,000. Ukakhoza lachisanu, £1,000 ndi yako zivute zitani. Ukakhoza lakhumi, £32,000. Ukaphonya pakati, umagwera pamene unakhomerera paja, kaya unali utakwera chotani. Thandizo linali lamitundu itatu basi: 50:50 (kukuchotsera mayankho awiri olakwika), kufunsa anthu odzaonerera, ndi kuimbira foni mnzako kwa masekondi 30. Nkhani ya Judith Keppel, munthu woyamba kutenga miliyoni yonse kuno mu November 2000, anandisimbira mwina kakhumi. Funso lake lomaliza linali lakuti Eleanor of Aquitaine anakwatiwa ndi mfumu iti. Akafika pamenepo agogo aja ankaimika chala m'mwamba n'kunena kuti "Henry II", nkhope ili ngwee ngati cheke anachilandira ndi iwo.

Koma chimene ndachisowa ine si ndalamazo ayi. Ndi kudikira kuja. Tarrant ankamusiya munthu aganize mpaka thukuta kamukamu, osamufulumiza. Nyimbo ya pansipansi ija inkagunda ngati mtima, holo yonse ili zii. Munthu akayankha, iye ankamuyang'ana nthawi yaitali osaonetsa kanthu pankhope, n'kufunsa kuti "Final answer?" Nthawi zina ankalemba cheke, kumupatsa munthu achigwire, achione bwinobwino, kenako n'kuchilanda amvekere sitikufuna kukupatsani chimenechi. Ndiye pamene mitima yonse ili m'mwamba, iye n'kunena kuti tibweranso pakatha malonda. Agogo aja ankamukalipira ngati mwana wa m'kalasi mwawo. Ine Chingerezi cha anthu a ku Yorkshire chinkandivuta masiku amenewo, koma pamenepo ndinkamva zonse, ndipo kwa ola limodzi limenelo sindinkadzimva kuti ndine mlendo.

Funso langa ndi ili. Kodi ndi ine ndekha amene ndikuona kuti ya lero ilibe mphamvu ija, kapena pali chimene anasintha? Ndipo mundiuzeko, mukanakhala pampando uja, masekondi 30 aja mukanaimbira ndani? Ine yankho ndinali nalo kuyambira tsiku loyamba: bambo anga, ahedi a pulayimale ina ku Ntcheu, amene ankadziwa malikulu a mayiko onse pamtima. Koma foni analibe. Kuti ndilankhule nawo ndinkagula khadi yoimbira kunja, n'kutumiza uthenga kuti Loweruka lakutilakuti akadikire pamalo oimbira foni kumsika. Loweruka lililonse munthu akanena kuti aimbira bambo ake, ine ndinkaona bambo anga ataima pakhonde la kumsika kuja ndi jekete lawo.

Wakujoni_wakale analemba:

Mayi, mwandikumbutsa kutali. Si inu nokha.

Ife ku Joni tinali ndi yathu, woyendetsa anali Jeremy Maggs, ndipo mphoto inali R1 miliyoni. Inayambira pa M-Net mu 1999, kenako inadzapita pa SABC 3, ndipo ndi pamenepo pamene ambirife tinayamba kuiona bwino, chifukwa dikoda tinalibe. Ndinkagwira ntchito ya m'galadeni kumpoto kwa Johannesburg, tikukhala anyamata anayi m'chipinda cha kuseri kwa nyumba, atatu a ku Mangochi ndi mmodzi wa ku Chipata. Ka TV kathu kanali kakang'ono, eliyo yake tinkachita kuigwira ndi dzanja. Munthu asanayankhe aliyense ankatchula chilembo chake, A, B, C kapena D, ndipo wophonya kwambiri ndiye ankatsuka mapoto. Mnzathu wa ku Chipata uja anasiyira sukulu Giredi 7, koma mafunso a m'Baibulo ndi a mpira sanaphonyepo ngakhale limodzi. Tinkamuuza kuti akalembetse, iye amvekere ndani angandiike pa TV ine. Anamwalira mu 2006, tinamunyamula pa basi mpaka kwawo.

Za bambo anu zandikhudza. Kodi munamvapo za John Carpenter wa ku America? Mu 1999, pa pulogalamu ya Regis Philbin, anafika pafunso lomaliza asanagwiritsepo thandizo lililonse. Pamenepo ndiye anati aimbire bambo ake. Foni italowa, sanawafunse funso ayi. Anangowauza kuti thandizo sakulifuna, akungofuna adziwe kuti akutenga miliyoni. N'kuyankha, n'kukhoza. Ilipo pa YouTube, ndaionerapo kambirimbiri ndipo nthawi zonse tsitsi limandiimirira.

Ine ndikanaimbira mnzanga wa ku Chipata uja.

Mkulu_wa_Salford analemba:

Achemwali, ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma mundilole nditsutseko pang'ono, chifukwa pulogalamuyi ndaitsatira kuyambira pachiyambi ndipo masiku ano amaijambulira kuno kwathu ku Salford.

Amene anaiwononga si Clarkson. Inawonongeka Tarrant akadali pampando. Mu 2007 anadula mafunso kuchoka pa 15 kufika pa 12, ndipo pokhomerera pachiwiri anapakweza kufika pa £50,000. Mu 2010 anaika wotchi pamafunso oyambirira, munthu aziyankha nthawi ikuwerengedwa, n'kuchotsanso kampikisano kothamangitsa zala kaja komwe anthu ankapikisana kuti apeze mwayi wokhala pampando. Kudikira kumene mukunenako kunafera pamenepo. Pofika mu February 2014 pamene inatsekedwa, anthu ambiri anali atasiya kale kuionera. Mukumbukire kuti mu 1999 anthu oposa 19 miliyoni ankakhala pansi usiku umodzi kuionera, m'dziko la anthu osakwana 60 miliyoni.

Itabwerera mu 2018 anabwezeretsa mafunso 15, wotchi n'kuichotsa. Anawonjezera thandizo lachinayi lofunsa Clarkson mwiniwakeyo, ndipo pokhomerera pachiwiri munthu amasankha yekha. Chimenechi ine ndimachikonda kwambiri, chifukwa mtima wa munthu umaonekera pamenepo, wamantha ndi wolimba. Mukanaona mu 2020 Donald Fear, mphunzitsi wa mbiri yakale, akutenga miliyoni atangogwiritsa 50:50 yokha, mchimwene wake Davyth atatenga £500,000 chaka chapitacho, simukananena kuti mphamvu inatha. Agogo anu aja akanamukonda munthu ameneyo.

Chimene chinasintha ndife oonerafe. Kale funso likatuluka, kunalibe kothawira. Unkayenera kukhala nalo m'mutu, kukangana ndi wa pambali pako, kudikira. Lero mwana wanga funso lisanathe kuwerengedwa wafunsa kale Google pafoni, n'kulengeza yankho. Ndinachita kuika lamulo kuti mafoni onse azikhala kukhitchini. Ngakhale eni pulogalamu amatumiza munthu wawo kukakhala ndi mnzako woimbiridwa uja kuti asafufuze pa intaneti.

Poti munafika 2002, ndikhulupirira munaona nkhani ya Charles Ingram, msilikali waudindo wa meja uja. Anajambulidwa mu September 2001 akukhoza mafunso onse 15, lomaliza linali dzina la nambala ya 1 yotsatana ndi maziro 100, yankho lake googol. Cheke anachiimitsa chifukwa ojambula anamva munthu wina mwa odikira mpando, Tecwen Whittock, akutsokomola yankho lolondola likatchulidwa. Mu 2003 khoti linawapeza olakwa atatu onse, kuphatikizapo mkazi wa Ingram, ngakhale eni ake amakanabe mpaka lero. Kuntchito kwathu mwezi wonse umenewo munthu akangotsokomola, onse kucheuka.

Mphunzitsi_wopuma_Zomba analemba:

Zikomo amayi poyambitsa nkhaniyi. Ife kuno Millionaire tinkangoimva kwa anzathu okhala ndi dishi, popeza TVM nayo inangoyamba mu 1999 ndipo TV m'makomo zinali zowerengeka. Koma njala yomweyo tinali nayo, ndipo inakhutitsidwa ndi Celtel Africa Challenge, imene inadzasintha dzina kukhala Zain Africa Challenge kampaniyo itasintha. Ophunzira a m'mayunivesite a mayiko angapo a mu Africa ankapikisana pamafunso, ana athu a ku Yunivesite ya Malawi ndi ya Mzuzu ali momwemo. Woyendetsa anali John Sibi-Okumu wa ku Kenya, bambo wa mawu okhathamira, wotchula liwu lililonse momveka ngati akuwerenga m'tchalitchi.

Ndinkaitana ana anga a Fomu 4 ogonera pafupi kudzaonera kunyumba kwanga. Ankadzaza pabalaza, ena pamkeka, ena pazenera panja. Ndinkawauza abwere ndi kope, alembe funso lililonse limene aliphonya, ndipo Lolemba tinkayamba ndi mafunso amenewo. Magetsi akazima pakati pa mpikisano, kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu. Mtsikana wina wamanyazi, amene m'kalasi sankakweza dzanja, tsiku lina anayankha funso la sayansi mofuula asanayankhe a pa TV. Anzake onse anamuyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kulankhula m'kalasi, ndipo lero ndi namwino.

A ku Salford akunena zoona za mafoni. Koma ndikanakonda a wailesi za kanema kuno akanatibwezera mpikisano wa mafunso wa ana asukulu madzulo a Loweruka, wochitika modekha, wopatsa mwana nthawi yoganiza.

Mayi_wa_ku_Leeds analemba:

Abale, zikomo nonse. Ndawerenga ndili pa basi pochokera kuntchito, misozi n'kumalengeza.

Achimwene a ku Salford, ndavomera. Za wotchi ija sindinazione, chifukwa pofika 2010 ndinali nditasintha ntchito ndipo Loweruka ndinkakhala kukoleji ya unamwino kapena pa mabuku. Lamulo lanu la mafoni ndalitenga, tiyamba sabata ino. Za Ingram ndikuzikumbukira bwino. M'chipinda chochezera muja theka la okalamba linali ndi chifuwa, ndiye wina akatsokomola pa nthawi ya funso agogo anga aja ankatembenuka ndi kumuloza chala, ena onse n'kuseka mpaka kupukuta m'maso.

Achimwene a ku Joni, ya Carpenter ndaionera usiku womwe uno, kawiri. Pepani za mnzanu.

Agogo aja anamwalira kumayambiriro kwa 2005. Loweruka lawo lomaliza sanathe kupita kuchipinda chochezera, ndiye ndinapempha kuti ndiwanyamulire ka TV kuchipinda kwawo. Sankalankhulanso kwenikweni. Funso lina la mbiri yakale litatuluka ndinawawerengera mayankho anayi aja pafupi ndi khutu, pang'onopang'ono, ndipo pa lachitatu anandifinya dzanja. Linali lolondola.

Bambo anga anadzapeza foni yam'manja mu 2007, ndinawatumizira ndine. Tsiku loyamba kuwaimbira ndinawalonjera, kenako ndinawauza kuti ali ndi masekondi 30, andiuze likulu la Mongolia. Anaseka, amvekere "Ulaanbaatar, mwana wanga. Funsa lina." Tinatha khadi yonse usiku umenewo ndi malikulu a mayiko.

Aphunzitsi, makope a ana anu aja alipo amene munasunga? Ngati alipo, tijambulireniko tsamba limodzi muike pano, ndikufuna Loweruka likubwerali ndimufunse mwana wangayu tisanayatse TV.