Kutsegula LLC ku America: kodi registered agent ndi wofunikadi?

Funso: Ndikufuna kulembetsa LLC (mtundu wa kampani) ku Delaware, dera lina la ku America, koma sindikhala kumeneko. Akuti ndisankhe registered agent. Ntchito yake ndi yotani?

Yankho 1: Amakulandirirani masamoni a khoti ndi makalata a boma. Dzina lake ndi adiresi yake zimalembedwa pa Certificate of Formation, fomu yolembetsera kampaniyo, ndiye mumpeze musanatumize fomuyo. Ayenera kukhala ndi adiresi yeniyeni mu Delaware momwemo, osati bokosi la ku positi, komanso azipezeka pa nthawi ya ntchito.

Yankho 2: Vuto limabwera mukaiwala kumulipira pachaka. Amasiya, masamoni osakufikani, mlandu n'kugamulidwa inu kulibe. Boma likhozanso kuthetsa kampaniyo. Mukasintha imelo, muuzeni tsiku lomwelo.

Yankho 3: Za EIN (nambala ya msonkho ya kampani) musadikire registered agent, si ntchito yake. Mumapempha nokha ku IRS, bungwe lotolera misonkho ku America, ndi fomu SS-4.